Imelo yokana kupitirira makilomita 800, ndi zolakwika zina za m'mapulogalamu

Amene muli ndi Python pa kompyuta ya kusukulu kapena pa foni, tsegulani mulembe mzere uwu:

print(0.1 + 0.2)

Ngakhale mwana wa Sitandade 5 akuuzani kuti yankho ndi 0.3. Koma kompyuta ikupatsani 0.30000000000000004. Kayeseni pa kompyuta ya mnzanu, mukapeza zomwezo. Makinawo sanawonongeke, komanso mulibe vairasi. Ka 4 kali kumapetoko kali ndi chifukwa chake, ndipo kanthu konga kameneka kanaphetsa anthu 28 m'chaka cha 1991. Tifikako.

Ine ndimaphunzitsa fizikisi, osati Computer Studies, ndiye wina afunsa kuti nkhani ya mapulogalamu ndikuyilowerera bwanji. Chandichititsa ndi zimene ndimaona. Wophunzira yemweyo amene mu labu amadziwa bwino kuti babu likakana kuyaka timatenga voltmeter n'kuyeza mbali imodziimodzi, akakhala pa kompyuta amaiwala zonsezo. Pulogalamu ikakana, amafufuta mzere uwu, kusintha uwo, kuthimitsa kompyuta, kuyatsanso, kenako n'kunena kuti "mutu wanga si wa zimenezi." Ena amasiyira pomwepo osabwereranso. Zimandiwawa, chifukwa luso losakira cholakwika mu pulogalamu muli nalo kale. Ndi lomwe lija la pa practical: kuona chimene chachitika, kuganizira chimene chingachititse, kusintha chinthu chimodzi chokha, n'kuyezanso.

Pachingerezi cholakwika cha mu pulogalamu amachitcha bug, kutanthauza kachilombo, ndipo kuchisaka n'kuchichotsa amati debugging. Pa 9 Sepitembala 1947, gulu limene Grace Hopper ankagwira nalo ntchito pa kompyuta ya Harvard Mark II ku America linapeza kadziwotche weniweni atapanikizika m'kati mwa makina, ndipo linamumata m'buku lawo la ntchito. Bukulo likusungidwa ku Smithsonian mumzinda wa Washington. Mawu akuti bug mainjiniya ankawanena kale izi zisanachitike, n'chifukwa chake anthuwo anaona kuti n'zoseketsa. Tizilombo timene mukumane nato inu tilibe mapiko, timakhala m'mizere imene mwalemba nokha.

Pulogalamu ikakuwa, werengani zimene yanena

Zolakwika zilipo zokuwa, ziliponso zachete. Zokuwa ndi zija zimaimitsa pulogalamu n'kutulutsa mawu ofiira pa sikirini. Ambiri mumaziopa zimenezi, chonsecho ndiye zabwinoko, chifukwa zimakuuzani pamene pavuta. Taonani pulogalamu iyi yowerengera mtunda:

liwiro = input("Liwiro: ")
nthawi = input("Nthawi: ")
mtunda = liwiro * nthawi
print(mtunda)

Mukalemba 20 ndi 3, mawu ofiira atuluka angapo. Yambani kuwerenga kuchokera pansi. Mwa onsewo ofunika ndi awa:

File "liwiro.py", line 3
TypeError: can't multiply sequence by non-int of type 'str'

Mzere wapansiwo ukunena mtundu wa vuto, wapamwambawo ukunena malo amene pulogalamu yagwera. TypeError ndiye kuti mwasakaniza zinthu za mitundu yosagwirizana. Chilichonse chimene munthu walemba pa kiyibodi, input amachilandira ngati zilembo, ngati dzina la munthu. Choncho "20" amene wasungidwa mu liwiro si nambala, ndi chilembo 2 chogundana ndi chilembo 0. Zilembo sungachulukitse ndi zilembo zinzake.

Tsono taonani apa: pulogalamu yagwera pa mzere 3, koma matenda ayambira pa mzere 1 ndi 2. Mzere 3 ulibe mlandu. N'chimodzimodzi babu lozima pamene waya wadukira kufupi ndi batire, mukhoza kusintha mababu tsiku lonse osaona kuwala. Nambala ya mzere imene kompyuta yakupatsani ndi poyambira kufufuza, ndipo nthawi zambiri mumayenera kubwerera m'mwamba. Mankhwala ake apa ndi kulemba float(input("Liwiro: ")) kuti zilembozo zisanduke nambala.

Tsopano tisinthe pang'ono. Chotsani mzere wachiwiri, muikepo nthawi = 3. Palibe mawu ofiira amene atuluke. Pulogalamu iyenda bwinobwino n'kukuyankhani kuti 202020, chifukwa ku Python kuchulukitsa zilembo ndi 3 ndiko kuzilemba katatu. Ichi ndiye cholakwika chachete, ndipo kompyuta siidziwa n'komwe kuti pali vuto. Amene angachigwire ndi munthu amene wafunsa funso lathu la fizikisi lija: kodi yankho ili n'lomveka? Galimoto yothamanga mamita 20 pa sekondi imayenda mamita 60 m'masekondi atatu. Mamita 202,020 ndi makilomita oposa 200. Ngakhale ndege siingatero.

Chizolowezi choyamba ndi chimenechi: musanayendetse pulogalamu, sankhani manambala osavuta, muwerengere yankho papepala. Ngati simukudziwa yankho limene mukuyembekezera, chilichonse chimene chituluke mungochivomereza.

China chimene chimasowetsa mtendere ogwiritsa ntchito Windows ndi njira yopita ku fayilo. Mwasunga malikisi mu foda yotchedwa ntchito, ndiye mwalemba "C:\ntchito\malikisi.txt", koma fayilo ikukana kutseguka. Mwayang'ana kakhumi, fayiloyo ilipo ndithu. Lekani kuyang'ana ndi maso, yezani. Uzani Python isindikize njirayo ndi print, muona kuti yaduka pawiri: C: pamwamba, tchito\malikisi.txt pansi. Chachitika n'chakuti kamzere kopendekekako kakatsatana ndi n, Python imamva kuti "yamba mzere watsopano". Dzina la foda yathu lachichewa ndi limene latchera msampha. Lembani C:/ntchito/malikisi.txt ndi timizere topendekera mbali inayo, zitheka. Paja Windows imakondanso kubisa mchira wa dzina la fayilo, moti fayilo imene mukuiona ngati malikisi.txt mwina dzina lake lenileni ndi malikisi.txt.txt.

Nanga kuphonya ndi 1? Mukukumbukira practical ya pendulum? Mukamalitaya lendelo mumati "ziro", osati "wani". Amene ayamba ndi wani amayeza maulendo 9 akuganiza kuti ndi 10, ndipo period yake imatuluka yoperewera. Python nayo imayamba kuwerenga pa 0. Mndandanda wa ophunzira 40 umayambira pa 0 n'kuthera pa 39, ndiye mukafunsa wa nambala 40 mulandira IndexError. Ndipo range(1, 10) amapereka 1 mpaka 9, 10 mulibemo. Mukamayesa pulogalamu yozungulira mndandanda, chidwi chanu chikhale pa woyamba ndi womaliza. Apakati savuta kawirikawiri.

Ka 4 kaja

Lembani 1/3 ngati desimali: 0.3333 ndipo ma 3 satha. Mukadula pa manambala anayi n'kuphatikiza katatu mupeza 0.9999, osati 1. Kompyuta imawerenga ndi 0 ndi 1 basi, ndipo m'kawerengedwe kameneko amene satha ndi 0.1. Amalembedwa 0.0001100110011 n'kumapitirira choncho mpaka kalekale. Malo osungira nambala ali ndi malire, ndiye kompyuta imadula penapake. Kachidutswa kotsalako ndi kamene kanatulukira kumapeto kwa 0.30000000000000004.

Wina ati aaa, kanthu kakang'ono chonchi n'kudandaula nako? Yesani iyi, imene ikuwerenga nthawi ya mpira ukugwa, kuwonjezera 0.1 mpaka sekondi ikwane. Chizindikiro cha != chikutanthauza "sizikufanana".

nthawi = 0
while nthawi != 1.0:
    nthawi = nthawi + 0.1

Mukuyembekezera kuti izungulira ka 10 n'kuima. Siima. Ikazungulira ka 10 nthawi imakhala 0.9999999999999999, kenako 1.0999999999999999, ndipo 1.0 weniweni yamudumpha. Idzazungulira mpaka mutadina Ctrl ndi C. Mukaona pulogalamu ya pa kompyuta yauma, windo layera, pamwamba palembedwa Not Responding, chimodzi mwa zimene zimachititsa n'kuzungulira kosatha kotereku.

Wochenjera asintha != kuika <, ndipo pulogalamu iima. Koma tawerengani maulendo: yazungulira ka 11, popeza 0.9999999999999999 akadali wochepera 1. Wachotsa kachilombo kokuwa n'kulowetsa kachete. Njira yabwino ndi kuwerenga masitepe ndi manambala athunthu, 0, 1, 2 mpaka 10, amene kompyuta imawasunga ndendende, kenako n'kugawa ndi 10 pamene mukufuna masekondi.

Pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991, asilikali a America ankateteza malo awo ndi makina otchedwa Patriot, owombera mizinga ya adani ikadali m'mlengalenga. Wotchi ya makinawo inkawerenga nthawi m'magawo a 0.1 a sekondi, ndipo 0.1 ameneyu ankasungidwa modulidwa, m'malo a ma bit 24. Pa kugunda kulikonse kwa wotchi pankaperewera masekondi pafupifupi 0.000000095. Tengani cholembera. Makina a ku Dhahran, ku Saudi Arabia, anali atayaka maola pafupifupi 100 osathimitsidwa. Maola 100 ndi masekondi 360,000, kutanthauza kugunda 3,600,000. Kuchulukitsa ndi 0.000000095 tikupeza masekondi 0.34. Mzinga wa Scud unkathamanga mamita pafupifupi 1,676 pa sekondi, ndiye m'masekondi 0.34 unkayenda mamita oposa 500.

Radar ya Patriot ikaona chinthu m'mwamba, kompyuta inkawerengera pamene chinthucho chikhale pakapita kanthawi, n'kukayang'ana pamenepo kuti itsimikize. Pa 25 Febuluwale 1991 inayang'ana malo olakwika, sinapeze kanthu, ndipo sinawombere. Mzinga wochokera ku Iraq unagwera nyumba yogona asilikali n'kupha anthu 28. Pulogalamu yokonzedwa inafika ku Dhahran m'mawa mwake.

Pali zinthu ziwiri apa zokhudza ife. Cholakwika chimene chimakula ndi nthawi simungachione mukayesa pulogalamu mphindi ziwiri zokha. Komanso makina a Patriot akathimitsidwa n'kuyatsidwanso, kuperewera kuja kunkayambiranso pa ziro. Ndiye mukamva wina akuti "ndangoithimitsa n'kuyatsanso, yachira", dziwani kuti kachilomboko sikanafe, kangogona.

Mayuniti

Apa ndiye ndilankhule ngati mphunzitsi wa fizikisi amene watopa kulemba "units?" ndi inki yofiira m'makope. Kompyuta imasunga 72, siisunga "makilomita pa ola". Gawo lina la pulogalamu likapereka 72 likutanthauza makilomita pa ola, gawo lina n'kulandira ngati mamita pa sekondi, palibe chimene chingakuwe. Yankho lingokula ka 3.6 mwakachetechete.

NASA inatumiza chombo cha Mars Climate Orbiter pa 11 Disembala 1998 kuti chikazungulire Mars. Pa ulendowo timainjini tating'ono tinkayaka nthawi ndi nthawi, ndipo akatswiri padziko pano ankawerengera mmene kukankha kulikonse kwasinthira njira ya chombo. Chimene ankayeza ndi impulse, mphamvu kuchulukitsa ndi nthawi. Pulogalamu ya kampani ya Lockheed Martin, imene inapanga chombocho, inkatulutsa manambala mu pound-force second. Pulogalamu ya oyendetsa chombo ku NASA inkawalandira ngati newton second. Pound-force imodzi ndi manewton 4.45, ndiye kukankha kulikonse kunkaoneka kochepa ka 4.45 kusiyana ndi mmene kunalili. Pa 23 Sepitembala 1999 chombocho, m'malo modutsa makilomita pafupifupi 226 pamwamba pa Mars, chinatsika kufika pafupifupi 57, ndipo sichinamvekenso.

Pulogalamu iliyonse payokha inkachita masamu molondola. Vuto linali pamalire, pamene ina ikupatsira inzake. Chotchipa chimene mungachite ndi kuika yuniti m'dzina lenilenilo: liwiro_m_pa_s, nthawi_s, mtunda_km. Mukadzalemba mtunda_km = liwiro_m_pa_s * nthawi_s, diso lanu lidzakana lokha.

Voltmeter ya wolemba mapulogalamu

Tiyerekeze kuti pulogalamu yanu ili ndi mizere 200, yankho likutuluka lolakwika, ndipo palibe mawu ofiira. Musayambe kuwerenga pa mzere 1 n'kumatsika, maso amaona zimene munkafuna kulemba, osati zimene munalemba. Pitani pakati, pa mzere 100, muikepo print wosonyeza manambala ofunika. Ngati pamenepo ali bwino, vuto lili m'munsi. Ngati awonongeka kale, lili m'mwamba. Mwataya theka ndi muyeso umodzi. Chitaninso chimodzimodzi pa theka lotsalalo: 100, 50, 25, 13, 7, 4, 2, 1. Miyeso 8 yokha yakufikitsani pa mzere wolakwa. Mapulogalamu olembera monga Thonny ndi IDLE ali ndi debugger, chida choyendetsa pulogalamu mzere umodziumodzi uku mukuona nambala iliyonse ikusintha. Chiphunzireni, koma print yekha amagwira ntchito yaikulu.

Ndipo musanayeze, nenani chimene mukuyembekezera. "Ndikuganiza kuti pofika apa nthawi ndi 3." Kenako yezani. Sinthani chinthu chimodzi, yendetsani, lembani m'kope zimene zachitika. Mukasintha zinthu zisanu pakamodzi pulogalamu n'kuyenda, simudziwa chimene chachiza, ndipo mwina zinayi zinazo zabzala mavuto a mawa. Sungani kope la pulogalamu imene inkayenda musanayambe kuigwiragwira. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamene makompyuta ali awiri

Pulogalamu ya pa kompyuta imodzi ili ngati circuit imene yonse ili patebulo panu. Ya pa netiweki, theka lake lili m'chipinda china, mwinanso kudziko lina, ndipo pakati pali mawaya ndi makina amene simukuwaona. Njira yofufuzira ndi yomweyo, kungoti poyeza pachuluka.

Kompyuta iliyonse pa netiweki ili ndi adiresi ya IP, monga 192.168.1.5. Pulogalamu yodikira alendo, imene timaitcha seva, imakhala pakhomo la nambala lotchedwa port. Mawebusaiti amadikira pa 80 ndi 443. Adiresi ya IP ndi nyumba, port ndi khomo la nyumbayo.

Kulumikizana kukakanika, mawu awiri amene mukumane nawo kwambiri ndi connection refused ndi timed out, ndipo si matenda amodzi. Refused ndiye kuti mwafika, mwati "Odi!", ndipo mwayankhidwa msangamsanga kuti pakhomo limenelo palibe munthu. Nyumba ilipo, msewu uli bwino. Funsani ngati seva yayatsidwa, komanso ngati nambala ya port ikufanana mbali zonse ziwiri. Timed out ndiye kuti mwaodira kangapo koma kuli zii. Mwina adiresi ndi yolakwika, mwina msewu waduka, mwina firewall ikukusuzumirani pa windo osayankha. Wophunzira amene amangoti "sizikulumikizana" wataya muyeso umene kompyuta inamupatsa ulere.

Msampha wotchuka ndi 127.0.0.1, imenenso imatchedwa localhost. Adiresi imeneyi pa kompyuta iliyonse imatanthauza "ine ndemwe". Awiri mwalemba kapulogalamu kochezera, mwayesa pa laputopu imodzi, kakuyenda mokoma. Mwaika pa malaputopu awiri, kakana. Mwina wotumiza akadali ndi 127.0.0.1, ndiye akugogoda pakhomo la nyumba yake yomwe. Mwinanso seva munaiuza kuti izimvera pa 127.0.0.1, ndiye ikungomva a m'nyumba okhaokha. Seva ipatseni 0.0.0.0 kuti imve aliyense wobwera, ndipo wotumiza mumupatse adiresi yeniyeni ya sevayo, imene pa Windows mumaipeza polemba ipconfig.

Voltmeter ya netiweki ndi ping. Imatumiza kauthenga n'kuyeza nthawi imene yankho latenga. Yambani pafupi muzipita kutali: ping 127.0.0.1, kenako router, kenako 8.8.8.8 imene ndi seva ya Google, pomaliza dzina monga google.com. Pamene mayankho alekera ndi pamene paduka. Nambala ikayankha koma dzina n'kukana, vuto ndi DNS, buku lija losandutsa mayina kukhala maadiresi, ndipo pulogalamu yanu ilibe mlandu. Chenjerani kuti makompyuta ena sayankha ping mwadala, ndiye kukhala chete kwake si umboni wokwanira.

Chinanso: kulumikizana kwa TCP kuli ngati paipi ya madzi, osati maenvulopu. Mukatumiza "moni" kenako "bwanji", mnzanu akhoza kulandira "monibwanji" pamodzi, kapena "mo" yekha kenako zotsalazo. Pa laputopu imodzi mwina simuziona, koma pa netiweki yeniyeni zidzatulukira. Ikani chizindikiro kumapeto kwa uthenga uliwonse, ndipo wolandira aziwerenga mpaka atachipeza.

Ndiye pali kudikira. Pulogalamu ya Python yodikira uthenga, mukapanda kuiuza malire, ikhoza kudikira mpaka kalekale. Kwathu kuno, kumene netiweki imatha kuduka uli pakati potumiza ndipo magetsi amathima osatsanzika, pulogalamu yopanda malire a nthawi iuma ndithu. Malire amenewa amatchedwa timeout, ndipo muyenera kuwaika. Koma akhale aatali bwanji? Funso limeneli likutifikitsa pa nkhani imene ndimaikonda kuposa zonse.

Imelo ya makilomita 800

Nkhaniyi anailemba mu 2002 ndi Trey Harris, amene m'zaka za m'ma 1990 ankayang'anira makina a imelo pa yunivesite ina ku North Carolina, ku America. Tsiku lina mkulu wa dipatimenti ya statistics anamuimbira foni kudandaula kuti imelo zawo sizikupitirira mamailosi 500, amene ndi makilomita pafupifupi 800, kapena kuposerapo pang'ono. Aliyense wodziwa makompyuta akanaseka. Imelo siidziwa mtunda, siili ngati basi yoti mafuta athera panjira.

Koma anthu a statistics aja sanabwere chimanjamanja. Anali atadikira masiku angapo akusonkhanitsa manambala, ndipo mmodzi wa iwo anali atajambula mapu osonyeza kumene imelo zikufika ndi kumene sizikufika. M'kati mwa malirewo nthawi zina zinkakanika, koma kunja kwa malire sizinkafika n'kamodzi komwe.

Harris anayesa yekha. Ku Atlanta ndi ku Washington imelo zinapita. Ku Princeton, mamailosi 400, inapita. Ku New York, mamailosi 420, inapita. Ku Providence, mamailosi 580, inakana. Ku Memphis, Boston ndi Detroit zinakananso. Kenako anachita chimene ife timachitcha control. Anatumiza imelo kwa mnzake wokhala ku North Carolina komweko, koma amene makina osunga imelo zake anali ku Seattle, kutsidya lina la dzikolo. Inakana. Apa zinadziwika kuti nkhani si kumene munthu amakhala, koma kumene kuli makina olandira.

Funso lotsatira ndi limene muyenera kumadzifunsa nthawi zonse pulogalamu imene inkayenda ikasiya: chasintha n'chiyani? Masiku angapo m'mbuyomo katswiri wina anabwera kudzaika pulogalamu yatsopano yoyendetsa sevayo. Pochita zimenezo, pulogalamu yotumiza imelo, yotchedwa Sendmail, inabwerera m'mbuyo kuchoka pa mtundu wa 8 kupita pa wa 5. Fayilo ya malangizo inatsala ija inalembedwera mtundu wa 8. Sendmail yakaleyo inkangodumpha malangizo amene sinkawamva, ndipo manambala ake ankakhala ziro. Limodzi mwa malangizowo linali timeout yodikira makina akutali kuti ayankhe. Harris atayeza anapeza kuti pa makina amenewo timeout ya ziro inkadula kulumikizana pakangopita mamilisekondi atatu ndi kanthu.

Tengani cholembera kachiwiri. Milisekondi imodzi ndi 0.001 ya sekondi. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Mtunda ndi liwiro kuchulukitsa ndi nthawi: 300,000 × 0.003 ndi makilomita 900, pafupifupi mamailosi 560. Seva ikakhala pafupi, inkayankha nthawi isanathe. Ikakhala kutali, Sendmail inkataya mtima yankho likadali m'njira. Malire a pa mapu aja anajambulidwa ndi liwiro la kuwala.

Wa Fomu 4 amene ali maso akweza dzanja apa, ndipo akhoza. Uthenga uyenera kupita n'kubwerako, ndiye mtunda ndi wowirikiza. Komanso mu waya wa fibre kuwala kumayenda m'galasi, limene refractive index yake ndi pafupifupi 1.5, choncho liwiro limatsika kufika makilomita 200,000 pa sekondi. Kupita ndi kubwera makilomita 800 ndi makilomita 1,600, amene m'galasi amafuna mamilisekondi 8, osati atatu. Anthu anamufunsa Harris zimenezi, ndipo anavomera kuti za ulendo wobwerera anazisiya dala kuti nkhani isatalike. Ine sindikanazisiya, chifukwa pamenepo ndi pokoma, koma maziko ake sakugwedezeka: nthawi yodikira ikachepetsetsa, mtunda umasanduka mpanda. Amene anathandiza kwambiri kuti vutoli lipezeke ndi anthu a statistics aja. Akanangoti "imelo yafa", Harris akanayambira pati?

Masamu omwewa mukhoza kuwachita nokha sabata ino. M'galasi kuwala kumayenda makilomita 200 pa milisekondi iliyonse, ndipo popeza ping imayeza kupita ndi kubwera, milisekondi imodzi ya ping ikuimira makilomita osaposa 100. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000 mukawongola, ndiye seva ya ku London siingayankhe pasanathe mamilisekondi 80, ngakhale mutagula bandulo yodula bwanji. Zenizeni zimaposa pamenepo, chifukwa Malawi alibe gombe la nyanja yamchere. Mawaya amayamba adutsa mayiko oyandikana nafe, kenako pansi pa nyanja mokhotakhota, ndipo makina aliwonse a panjira amadyako kanthawi. Pulogalamu imene mwaipatsa timeout ya mamilisekondi 50 iziyenda bwino mu labu n'kumakana ikangoloza kunja.

Sankhani mawebusaiti atatu: imodzi ya m'dziko muno, ina ya ku South Africa, ina ya ku Ulaya. Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani ping ndi dzina la webusaitiyo, mutenge nthawi yochepetsetsa mwa mayankho anayi amene atuluke. Chulukitsani ndi 100 kuti mupeze mtunda umene sevayo siingapitirire, muyerekeze ndi atlasi. Johannesburg ili makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku Lilongwe. Mukapeza webusaiti ya ku Ulaya ikuyankha m'mamilisekondi 40, musathamangire kunena kuti kuwala kwaphwanya lamulo. Werengerani mtundawo, kenako mundiuze kumene mukuganiza kuti makina amene akuyankhaniwo ali.